Nthiti za boti langa la thanga zikuthyokera pokhota

Funso: Ndine mphunzitsi, ndimakhala chakufupi ndi Namiasi. Ndikukhoma ndekha boti la thanga la mamita 5 loti ndiziyendera ndi ana anga m'mbali mwa nyanja Loweruka. Pulani ndinaipeza pa intaneti, ndi ya boti la pulayiwudi lomwe pansi ndi m'mbali zimakumana pangodya. Nthiti ndinazicheka zathunthu m'matabwa otambalala a paini motsatira mmene zakhotera pa pulaniyo, koma ziwiri zathyokera pokhota penipeni ndisanaziimike n'komwe. Kalipentala wakwathu akuti ndicheke zina zonenepa ndipo ndikhome misomali ya mainchesi 4. Kodi akunena zoona? Nanga mtengo woyenera ndi uti?

Yankho: Aphunzitsi, thokozani kuti zathyokera pakhomo. Zikanapirira mpaka tsiku lolowetsa boti m'madzi, zikanadzathyokera pakati pa Namiasi ndi chilumba cha Boadzulu, ana ali momwemo. Kalipentala wanuyo ayenera kuti ndi katswiri pa zitseko ndi madenga, koma apa waphonya. Nthitizo sizinathyoke chifukwa chowonda ayi. Zathyoka chifukwa cha mmene munazichekera m'thabwamo, ndipo mukacheka zina zonenepa kawiri mwa njira yomweyo zidzathyokera pomwepo, boti litangolemera pachabe.

Tengani chidutswa chothyokacho muyang'anitsitse pabalapo. Muona kuti sipanatsale zingwezingwe zosonyeza kuti mtengo unalimbana usanagonje. Pangong'aluka mosalala, motsatira mizere ya thabwa. Mtengo uli ngati mtolo wa bango womatidwa pamodzi: m'litali ndi wolimba kwabasi, koma kulekanitsa bango ndi linzake sikuvuta. Mukajambula chigongono pa thabwa lowongoka n'kucheka, mkono umodzi umatsatira mizere bwinobwino, winawo umaidula mopingasa, ndiye pokhotapo pamatsala timizere tatifupitifupi tosagwirana ndi chilichonse. Msomali wa mainchesi 4 ukalowa pamenepo umangomaliza kung'alula. Choncho nkhani ya nthiti yagona pa chinthu chimodzi: mizere ya mtengo iziyenda limodzi ndi nthiti kuyambira pa msana wa boti, mtanda wapansi uja woyenda m'litali, mpaka pa mlomo, m'mphepete mwa boti mwa pamwamba. Njira zonse zopangira nthiti zomwe amisiri amagwiritsa ntchito zinabadwa pofuna kukwaniritsa chimenechi.

Njira yakale kwambiri ndi yokasankha mtengo womwe unakhota wokha. Zombo zamatanga zomwe zinkawoloka nyanja ino m'zaka za m'ma 1800, za kwa Makanjira ndi za a Jumbe ku Nkhotakota, zinali za mtundu wa kugombe la Indian Ocean, komwe mpaka lero nthiti zimasemedwa ku nthambi zokhota. Mmisiri amapinda waya wokhuthala motsatira mmene nthiti ikufunikira, amapita nawo pa mtengo wogwetsedwa kale, n'kumauyeza pa mphanda, pamene nthambi ikuchoka pa thunthu, kapena pamene muzu waukulu ukulowa pansi. Akapeza pogwirizana amadula, kenako amacheka chigongonocho pakati m'litali, ndipo amapeza ziwiri zofanana, ya kumanja ndi ya kumanzere. Nthiti yotere ndi yolimba kwambiri. Vuto lake ndi nthawi: kuyenda kufunafuna, kusema ndi kasemasema, ndi kudikira kuti ziume, chifukwa chigongono chachiwisi chimapotoka pouma. Inu musakhomere boti lonse njira imeneyi, koma mukapeza zigongono zinayi kapena zisanu ndi chimodzi zabwino, zisungeni. Ndikuuzani pokaziika tikafika pa mlongoti.

Boti lanu, poti lili ndi ngodya, likufuna njira yosavuta kuposa zonse, ndipo ndikukhulupirira kuti mukabwerera ku pulani yanu mupeza kuti wojambulayo ankatanthauza yomweyi. Nthiti iliyonse imapangidwa ndi timatabwa towongoka, kamodzi ka pansi, kena ka m'mbali, aliyense mizere yake ikuyenda m'litali. Amakumana pangodya, ndipo ngodyayo imamangidwa ndi zigamba ziwiri za pulayiwudi, chimodzi kutsogolo china kumbuyo, zomatidwa ndi guluu n'kukhomedwa. Pulayiwudi ndiye woyenera pamenepa chifukwa timapepala take timapingasana, kena mizere iyenda uku kena uko, ndiye alibe mbali yong'alukira.

Pa boti la mamita 5 ine ndimakonda timatabwa ta mtengo wolimba ta mamilimita 20 kukhuthala ndi 65 kapena 70 kutambalala, ndi zigamba za pulayiwudi wa mamilimita 9. Ngati pulani yanu yapereka miyeso ina, tsatani pulani. Chomwe anthu ambiri amachepetsa ndi kukula kwa chigamba. Amadula kakang'ono ngati chikhatho cha mwana, kongobisa polumikizira. Chigamba chiyenera kutsatira mkono uliwonse masentimita 15 kapena 20 kuchokera pangodya, chifukwa mphamvu yake ili m'kukula kwa malo omwe guluu wagwira. M'mphepete mwake mwa mkati mudule mokhota bwino, osasiya kona yakuthwa, poti ming'alu imayambira m'makona, komanso mapazi a ana adzapita pomwepo. Pakati pa zigamba ziwirizo pamatsala kampata pamwamba pa ngodya. Katsekeni ndi kachidutswa ka mtengo komatidwa bwino. Mukakasiya kotsegula kamasanduka kachitsime kosungira madzi a mvula ndi mchenga, ndipo kuwola kumayambira mmenemo inu osaona.

Tsono guluu. Guluu woyera wa akalipentala, uja wa m'mabotolo apulasitiki, asayandikire boti lanu. Amagwira bwino pa mpando wa m'nyumba, koma akakhalitsa m'chinyontho amafewa. Wofunika ndi epoxy, wa zigawo ziwiri zosakaniza, kapena resorcinol, wofiirira uja, mukamupeza. Ku Mangochi boma mwina muvutika, muyenera kufunsa ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ndipo mtengo wake udzakuwawani. Mugule basi. Epoxy ali ndi khalidwe lake lomwe kuno kwathu limazunza anthu: kutentha kumamufulumizitsa. Mu Okutobala masana, mukasakaniza wochuluka m'kapu yakuya, amatentha yekha n'kuuma musanapake theka. Sakanizani pang'onopang'ono m'chotengera chosaya, gwirani ntchito m'mamawa pamthunzi, ndipo muyezo wa zigawo ziwirizo muutsate ndendende monga walembedwera pa chitini. Kuwonjezera chowumitsira sikumulimbitsa, kumamuwononga. Kwechani nkhope zonse ndi sandipepa wokhakhala, pakani wosalala kaye kuti alowe m'mtengo, kenako wina wosakaniza ndi utuchi wosefa bwino kuti atseke mipata. Musafinye kwambiri mpaka guluu yense kutuluka. Valani magolovesi, chifukwa khungu likangoyamba kudana naye silisiya.

Ngati thumba lakana ndithu, pali njira ya amisiri akale. Timatabwa tiwiri tija tisakumane mutu ndi mutu, koma kena kapitirire pambali pa kanzake, tipingasane pangodya. Pakani penti wamafuta wokhuthala pa nkhope zokumanazo, ziphatikizeni penti akadali wamuwisi, n'kumanga ndi mabawuti atatu okutidwa ndi zinki a mamilimita 6, okhala ndi mawashala mbali zonse. Boti limalemererako, koma limagwira.

Pulayiwudi yemweyo musamukhulupirire ndi maso, ngakhale wogulitsa atalumbira kuti ndi wa m'madzi. Pemphani kachidutswa, kaponyeni mumphika wa madzi owira kwa maola angapo, kaumitseni padzuwa, mawa lake muwiritsenso. Timapepala tikayamba kusendeka, ameneyo ndi wa siling'i ndi makabati. Yang'ananinso m'mbali mwake: mukaona timapanga pakati pa timapepala, musiyeni, chifukwa timapanga timeneto timasunga madzi.

Njira zina ziwiri ndingozitchula podutsa, poti ndi za maboti amimba yozungulira. Ina ndi yomata timizere topyapyala ta mamilimita 4 kapena 5 tambiri pamodzi pa chikombole chokhota. Ina ndi yofewetsa mtengo ndi nthunzi m'paipi kapena m'bokosi lolumikizidwa ku mgolo wa madzi owira, pafupifupi ola limodzi pa inchi iliyonse ya kukhuthala, n'kuupinda usanazizire. Yomatayo ingakuthandizeni pa mphuno ya boti ngati simunapeze chigongono chachibadwa.

Mwafunsa za mtengo. Paini wa ku Chikangawa amakula msanga, ndi wofewa, wodzaza mfundo, sagwira bwino sikuluwu, ndipo akanyowanyowa amawola mosachedwa. Ali ndi ntchito yake pa kukhoma boti, koma si ya nthiti. Mfumu ya mitengo ya kwathu kuno pa ntchitoyi ndi mlombwa. Sufufuma kapena kukhwinyata kwambiri ukanyowa n'kuumanso, suwola msanga, chiswe sichiukonda, ndipo susokoneza posema. Koma gwiritsani ntchito mtima wake wofiirira wokha. Mnofu woyera wakunja uja umafumbwa, ndipo ocheka ambiri amausiya pa thabwa kuti lioneke lotambalala. Muzilipira mtima, osati thabwa lonse. Mbawa ndi yabwinonso, yopepukirapo, imamatika bwino ndi guluu, ngakhale siipirira chinyontho ngati mlombwa, ndiye imafuna penti wosamala. Msambamfumu ndi wolimba zedi koma wolemera, ndi wabwino pa msana ndi pansi pa mlongoti, osati nthiti zonse.

Mtengo womwe anthu amaudutsa tsiku ndi tsiku osauganizira ndi nimu. Wadzaza Mangochi yense, m'misewu ndi m'makomo, ndi wa banja limodzi ndi mbawa, tizilombo sitiudya wamba, ndipo ku Zanzibar ndi ku Lamu amisiri a zombo amasemako nthiti. Nthambi zake zimakhota mwa mitundumitundu. Mnansi akamagwetsa nimu wamkulu chifukwa wawopseza denga, fikani ndi waya wanu uja asanayambe kuwaza nkhuni. Bulugama wokhwima, makamaka wofiira mkati, angathe kugwira ntchito ngati wauma pang'onopang'ono, koma amakonda kung'aluka ndi kupotoka, ndiye mugule wochuluka podziwa kuti wina mudzataya. Malaina ndi wopepuka komanso wosapotoka, woyenera mipando ya m'boti. Mango ndi mkuyu zisiyeni.

Akuluakulu ena akuuzani kuti boti lenileni linali la mkungudza wa ku Mulanje. N'zoona, unkakhomera maboti chifukwa suwola, koma mtengo umenewu, womwe unalengezedwa kukhala mtengo wa dziko lino mu 1984, watsala pang'ono kutheratu paphiripo ndipo kuudula n'koletsedwa. Wina akabwera nawo usiku, mukaneni. Ngakhale mlombwa, mbawa ndi msambamfumu zachepa kwambiri mu Africa muno moti mu 2022 zinaikidwa pa mndandanda wa pangano la mayiko lotchedwa CITES, wa mitengo yomwe malonda ake akunja ayenera kuyang'aniridwa. Kuno kwathu lamulo la zankhalango la 1997, lomwe linakhwimitsidwa mu 2020, limafuna chilolezo, ndipo matabwa otuluka mozemba ku Phirilongwe kapena ku Namizimu akhoza kukulowetsani m'mavuto inu wogula. Pitani ku ofesi ya zankhalango paboma mukafunse ogulitsa ovomerezeka, ndipo sungani malisiti. Komanso boti la mamita 5 silifuna mtengo wambiri. Mafelemu a zitseko za nyumba yakale yogumulidwa, bedi lakale la mlombwa, tebulo lothyoka mwendo, zonsezi ndi matabwa omwe anauma zaka makumi angapo zapitazo. Zulani misomali yakale bwinobwino, tsekani mabowo ake ndi epoxy, mwapeza nthiti.

Mukagula achiwisi, asanjeni pamthunzi podutsa mphepo, otalikirana ndi nthaka, muike timitengo pakati pa thabwa ndi linzake, ndipo mitu yake muipake penti kuti isang'aluke. Dzuwa la ku Mangochi limaumitsa kunja mkati mukadali madzi. Kuti mudziwe ngati auma, sankhani thabwa limodzi muziliyeza pa sikelo sabata iliyonse. Likasiya kupepuka kwa masabata angapo otsatizana, lakonzeka. Ogula matabwa mvula itangotha amakhala okonzeka kukhoma nthawi yotentha isanathe.

Musanachekenso kanthu, jambulani. M'funso lanu simunanene mmene munasamutsira maonekedwe a nthiti kuchoka pa pulani kupita pa thabwa, ndipo ndikuganiza kuti munayeza nthiti iliyonse payokha. Tengani pulayiwudi wamba mmodzi kapena awiri, mpakeni penti woyera, mumugoneke pa simenti yosalala. Jambulani mzere wapakati woimirira ndi mzere wapansi wopingasa, mutsimikize kuti akumana pa sikweya yeniyeni. Njira ya 3, 4, 5 yomwe mumaphunzitsa ana m'kalasi ndi yomweyo: masentimita 60 uku, 80 uko, pakati pake papezeke 100. Kenako jambulani nthiti zonse pa kukula kwake kwenikweni, ina pamwamba pa inzake, zonse kuchokera pa mizere iwiri yomweyo. Werengani pulani mosamala kuti mudziwe ngati manambala ake akufika kunja kwa pulayiwudi wa khungu la boti kapena mkati mwake. Ngati ndi kunja, muyenera kuchotsa kukhuthala kwa pulayiwudiyo, apo ayi boti lonse lidzanenepa ndipo zina sizidzakwanirana.

Nthiti iliyonse muimangire pa chojambulacho. Khomani timitengo ting'onoting'ono motsatira mzere kuti timatabwa titsamirepo, yalani pepala la pulasitiki kuti guluu asagwire pansi, matani chigamba cha mbali imodzi, chikauma tembenuzani mumate chinacho. Timatabwa ta kumanja ndi kumanzere muticheke ndi kutipala tili tophatikizana, kuti tifanane ndendende. Musanainyamule, khomani thabwa lakanthawi lopingasa pamwamba, lofanana msinkhu pa nthiti zonse, ndipo lembani mzere wapakati pa thabwalo ndi pansi pa nthitiyo. Ntchito ya paini wanu ndi imeneyi.

Boti la mtundu uwu limakhomedwa chozondoka. Pangani makwerero olimba a matabwa awiri aatali owongoka, muwaike pa levulo m'litali ndi m'lifupi, muwazike pansi kuti asasunthe wina akawagunda. Kokani chingwe chopyapyala pakati, lembani malo a nthiti iliyonse, n'kuziimika mizere yapakati ili pa chingwecho, iliyonse yoimirira bwino. Apa pali kanthu kakang'ono komwe mapulani ambiri a pa intaneti sanena. Nthiti ili ndi kukhuthala, pomwe mzere wa pa pulani ulibe, ndiye ndi nkhope iti ya nthiti yomwe ikhale pa mzerewo? Ndi yomwe ikuyang'ana pakati pa boti. Nthiti za kutsogolo ziime kutsogolo kwa mzere wake, za kumbuyo ziime kumbuyo kwake. Chifukwa chake n'chakuti boti limawonda likamapita ku mphuno ndi ku thako, ndiye nkhope yakutali ndi pakati iyenera kupalidwa kuti ichepeko. Mukaimika mosemphanitsa, m'malo mokhala ndi mtengo wochotsa mudzakhala ndi mpata wofuna kudzaza.

Kupala kumeneku ndiko kumasiyanitsa boti ndi bokosi, ndipo sikufuna changu. Pezani kathabwa kakatali kopyapyala kopanda mfundo, kotalika kuposa boti, kagonekeni pamwamba pa nthiti zonse n'kukapinda motsatira thupi la boti. Pakati kadzagona bwino pa nkhope yonse ya nthiti, koma chakutsogolo muona kuti kakungokhudza kona imodzi, kuwala kukudutsa pansi pake. Pakani choko pansi pa kathabwako, kakwecheni pa nthiti, palani pomwe choko chatsalira, yesaninso. Mzere wa nkhope yoyang'ana pakati uja musaukhudze, ndiwo malire anu. Mukatero gwadani ku mphuno muyang'ane m'litali ndi diso limodzi. Kathabwa kakamayenda mosalala popanda chotupa kapena chophwa, nthiti zili bwino. Ikapezeka imodzi yotsika, imateni kachidutswa kopyapyala m'malo mokakamiza pulayiwudi kuti aitsate. Pulayiwudi wokhomedwa pa kona yokha amagwira ndi kamzere kochepa, ndipo mafunde akamamenya pansi, masikuluwu amayamba kusewera mmenemo.

Mipata yolowera msana ndi mitanda yoyenda m'litali muicheke nthiti zitaima kale, kathabwa kaja kakukuonetsani kupendeka kwake. Ndipo mitandayo muziika mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, wa kumanja ndi wa kumanzere. Mukamaliza mbali imodzi kaye, imakoka nthiti zonse n'kupotoza boti, ndipo boti lopotoka limayenda bwino mphepo ikachokera mbali ina, n'kumakanika ikachokera mbali inayo.

Tsopano chomwe chikusiyanitsa boti lanu ndi maboti a matabwa omwe mumawaona pa doko ku Makawa kapena ku Msaka. Aja amakankhidwa ndi injini, ndiye mphamvu yonse imalowera ku thako, ndipo ndiko amisiri amalimbitsa. Lanu lidzakokedwa ndi thanga lomwe lili pamwamba, pa mlongoti wautali, mphepo ikufuna kuligwetsera cham'mbali, inu mutakhala pa mlomo kulimbana nayo, thabwa lotsikira m'madzi kudzera pa msana wa boti likukana kuti boti literereke cham'mbali. Mphamvu zitatuzi zimapotokola boti, ndipo zonse zimadutsa m'nthiti ziwiri kapena zitatu zokha. Kumbukiraninso kuti liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu yake pa thanga imawirikiza kanayi. Mwera wa mu Juni ndi Julaye umatha kusintha m'kanthawi kochepa, ndipo kuno kummwera umakukankhirani kutali ndi gombe, kupita kunyanja yaikulu. Mpoto wa nthawi ya dzinja umabwera utadutsa nyanja yaitali, n'kudzaunjika mafunde afupiafupi oimirira m'madzi osaya a mbali yathu ino. Boti lapansi pophwatalala limamenyetsa mimba pa mafunde otero.

Choncho nthiti ya pa mlongoti ikhale yowirikiza, kapena ikhale ndi pulayiwudi wodzaza kuchokera mbali ina kufika inzake. Phazi la mlongoti lisaponde pa pulayiwudi wa pansi kapena pa msana pokha. Liponde pa chipika cha mtengo wolimba chogona m'litali, chokwera pa nthiti ziwiri kapena zitatu, kuti kulemerako kugawanike, ndipo dzenje la phazilo libowoledwe pansi kuti madzi azituluka. Mpando wopingasa womwe mlongoti umadutsamo umalandira nkhonya yaikulu kuposa china chilichonse m'botimo, makamaka ngati mlongoti ulibe zingwe zoukoka m'mbali. Apa ndi pomwe muike zigongono zachibadwa zija, pansi pa mpando mbali zonse, zomangidwa ndi mabawuti ku nthiti. Ngati mlongoti uli ndi zingwe, zitsulo zomangirapo zingwezo zibowoledwe kudutsa m'nthiti, osati m'khungu la boti lokha. Bokosi la thabwa lotsikira m'madzi limadula msana pakati ndipo limadukiza nthiti imodzi kapena ziwiri. Mitu ya nthiti zodukazo ilumikizidwe ku mitanda ya m'munsi mwa bokosilo, ndipo pamwamba pake pagwidwe ndi mpando wopingasa. Maboti ambiri opangira pakhomo amayamba kudontha pomwepa.

Nyanja yathu ndi yamadzi opanda mchere, ndiye tilibe nyongolotsi zobowola matabwa zomwe zimavutitsa anzathu a ku Beira ndi ku Nacala. Koma musasangalale msanga. Nkhungu yowoletsa mtengo imakonda madzi opanda mchere, ndipo imayamba ntchito chinyontho cha mtengo chikapitirira pafupifupi 20 pa 100 iliyonse, makamaka pofunda posapita mphepo. Boti silimawolera panyanja kwenikweni, limawolera pagombe, litasiyidwa chagada ndi madzi a mvula m'kati. N'chifukwa chake nthiti iliyonse iyenera kukhala ndi mipata yoyendera madzi mbali zonse za msana ndi pafupi ndi ngodya, kuti madzi onse atsikire pamalo amodzi pokapira. Isakhale timabowo ta msomali. Ikhale yoti chala chachikulu chilowe, chifukwa mchenga wa m'mapazi ndi mamba a usipa zimatseka zing'onozing'ono sabata imodzi. Mkati mwa mipatayo, mitu yonse ya timatabwa ndi m'mphepete monse mwa zigamba mupake epoxy kapena penti kawiri katatu musanakhome khungu, poti pambuyo pake burashi siidzafikako.

Misomali wamba yachitsulo imachita dzimbiri, imadetsa mtengo ndi kuufewetsa pozungulira, kenako imasomoka. Masikuluwu akuda otsika mtengo aja ndi abwino pogwiriziza guluu akamauma, koma muwachotse n'kutseka mabowo. Otsala m'boti akhale osachita dzimbiri kapena okutidwa ndi zinki wokhuthala, ndipo musasakanize mkuwa ndi zinki pamalo amodzi. Pa mlombwa ndi nimu bowolani kaye musanalowetse chilichonse.

Poti mukunyamula ana, lingalirani za zoyandamitsa nthiti zikadali poyera. Boti laling'ono la thanga limagudubuzika, imeneyo si nkhani ya mwina. Chigubu chopanda kanthu cha malita 20 chotsekedwa bwino chimanyamula pafupifupi makilogalamu 20 m'madzi. Yezani mipata ya pansi pa mipando ndi ku mphuno kuti zigubu zikwanemo, ndipo bowolani pa nthiti podutsa zingwe zozimangira zolimba, chifukwa chigubu chomasuka chimathawa boti likadzaza. Majekete oyandamitsa ndi nkhafi ziwiri zisasowe. Za kalembera wa boti kafunseni ku ofesi ya Marine, yoona za maboti ndi zombo, ku Monkey Bay musanalilowetse m'madzi. Ndipo muli ndi mwayi womwe anthu a maboma ena alibe: ku Mpwepwe kuli sukulu ya zausodzi ndi malo okhomera maboti. Nyamulani pulani yanu ndi nthiti imodzi yomwe mwamaliza, mukapemphe amisiri a kumeneko aione musanapange zinazo.

Nthiti za paini zomwe zatsala zosathyoka musazitaye. Ziyezeni pa chojambula chanu chachikulu chija. Zomwe zikugwirizana ndi mizere zikhala zikombole zolembera timatabwa tatsopano, ndipo zina mungaziimike pa makwerero pakati pa nthiti zenizeni kuti zigwirize mitanda pomwe mukuipinda, n'kudzazichotsa boti likatembenuzidwa. Yambani ndi nthiti ya pakati, yomwe ilibe kupendeka kwambiri. Ikauma masiku angapo, igonekeni pa njerwa ziwiri, ngodya ili m'mwamba pakati, muimepo ndi thupi lanu lonse. Ikalira kapena chigamba chikasendeka, vuto lili pa guluu kapena pa pulayiwudi, ndipo mulikonze musanacheke yachiwiri.